Mwana wanga akuti Tsukasa ankanena zoona: ndimulande foni?

"Aphunzitsi, ndili ndi mnyamata wa zaka 15, ali Fomu 2. Chaka chino watengeka ndi makatuni a ku Japan otchedwa Dr. Stone, amaonera pa foni ya mkulu wake. Poyamba ndinkasangalala chifukwa anayamba kufunsa mafunso a sayansi. Koma tsiku lina tikudya anangoti munthu wina wa m'nkhanimo, dzina lake Tsukasa, ankanena zoona kuti akuluakulu ndi amene anawononga dziko, ndipo sayenera kupatsidwanso mpata. Bambo ake anakwiya mpaka kusiya nsima. Sabata yatha ndinam'peza kuseri kwa khitchini akusinja makala m'chitini, ati akufuna aone ngati onga ungatheke. Kodi makatuniwa akundiwonongera mwana? Ndimulande foniyo?" (Mayi wa ku Lilongwe)

Mayi, zikomo kuti mwayamba mwafunsa musanalande foni. Mtima ukhale m'malo. Ndaphunzitsa sayansi ku sekondale kwa zaka zoposa 20, ndipo nkhani ya Dr. Stone ndinaionera chifukwa ana a m'kalabu yathu ya sayansi sankakamba china. Mawu amene mwana wanu ananena pa nsima ndawamvapo kwa anyamata ndi atsikana angapo, ena a iwo ofatsa kwambiri m'kalasi. M'kalata yanu muli zinthu ziwiri zosiyana. Chitini cha makala chija chikufunika kuti muchitepo kanthu lero lomwe. Mawu aja akufunika khutu lanu, ndipo ndi amene ndikhalitsepo, chifukwa simungamuyankhe mwana pa nkhani imene simukuidziwa.

Dr. Stone inayamba ngati nkhani ya zithunzi m'magazini ya Weekly Shonen Jump mu 2017, wolemba wake ndi Riichiro Inagaki ndipo wojambula ndi Boichi. Makatuni ake anatuluka mu 2019, ndipo chigawo chimene mkangano wa Tsukasa unafika pachimake, chotchedwa Stone Wars, chinaonetsedwa mu 2021. Nkhani yake ili chonchi. Tsiku lina kuwala kobiriwira kunakuta dziko lonse, anthu onse n'kusanduka miyala. Patapita zaka pafupifupi 3,700, mnyamata wa sekondale wokonda sayansi, Senku Ishigami, anadzuka m'dziko lopanda nyumba, magetsi kapena msewu. Iye ndi mnzake Taiju anapeza kuti akasakaniza asidi wodontha m'phanga la mileme ndi mowa umene anachita kuutcheza monga amatchezera kachasu, madziwo amadzutsa munthu wamwala. Cholinga cha Senku chinali chimodzi: kudzutsa anthu onse, mabiliyoni 7, osasiyapo ndi mmodzi yemwe.

Tsukasa Shishio anadzutsidwa mosakonzekera. Mikango inawathamangitsa anyamata aja, ndipo pofuna kupulumuka anathira madzi aja pa mnyamata wodziwika pa masewera omenyana. Anapha mkango ndi manja. Masiku oyamba anali mnzawo wabwino, ankasaka nyama ndi kugwira nsomba, onse n'kumadya. Ndiye tsiku lina ali m'mbali mwa nyanja anamufotokozera Senku za kamnyamata kena kosauka kamene kankatola zigoba za nkhono pa gombe kuti kapangire mkanda mlongo wake wodwala. Kunabwera bambo wina wonunkha mowa, mwini chilolezo cha usodzi pamalopo, n'kukamenya kamnyamatako mpaka nkhope kutupa, ati kakuba. Kamnyamatako anali Tsukasa yemweyo. Atamaliza kufotokoza anaphwanya chiboliboli cha munthu wamkulu chimene chinali pafupi. Maganizo ake anali akuti dziko latsopanoli lilibe mwini, mulibe lendi, mulibe msonkho, mulibe wonena kuti gombe ili ndi langa. Ukadzutsa akuluakulu adzayamba kuthokoza, kenako adzati malo awa anali anga, lipira. Choncho adzuke achinyamata okha a mitima yoyera.

Tsopano taganizani mnyamata wa zaka 15 akuonera zimenezi. Pa msinkhu umenewo mwana amayamba kuona kusiyana pakati pa zimene akuluakulu timanena ndi zimene timachita. Wamva pa wailesi nkhani za katangale. Waona mnzake wanzeru akubwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Mwina waona mayi wamasiye akulandidwa katundu ndi achibale a malemu. Zonsezi amazisunga, koma alibe mawu ozifotokozera, ndipo mwambo wathu sumupatsa bwalo loti azinene pamaso pa bambo ake. Kenako akuona pa foni munthu wamphamvu, wodekha, wolankhula mwaulemu, akunena zimene zili mumtima mwakemo. Akanapanda kukhudzidwa ndikanada nkhawa kwambiri. Mwana amene wamva chisoni ndi kamnyamata ka pa gombe kaja ali ndi mtima wodana ndi kuponderezana, ndipo umenewo si mtima woti muuthyole.

Ndiyeneranso kunena chilungamo: olemba nkhaniyi sanamupange Tsukasa kukhala chitsiru, ndipo pa mfundo ina anali ndi zifukwa zomveka. Iye ankaopa sayansi chifukwa imabala zida. Pali kachigawo kena kamene ndimakakonda. Senku ankafotokoza ntchito za ufa wa zigoba za nkhono: kukonza nthaka ya m'munda, kumangira, kupanga sopo. Anatchula zitatu, koma Taiju ankakumbuka kuti poyamba anati zilipo zinayi. Yachinayi, imene Senku anabisa dala, inali yokhudza onga. Apa ndi pamene anthu awiriwa anasiya kukhulupirirana, aliyense atadziwa chimene mnzake akuganiza. Mantha a Tsukasa ali ndi umboni m'mbiri yeniyeni. Fritz Haber wa ku Germany anapeza mu 1909 njira yopangira ammonia kuchokera ku mpweya, ndipo feteleza amene timathira m'chimanga chathu amachokera pa nzeru imeneyo. Haber yemweyo ndi amene anatsogolera ntchito yopopera mpweya wa poizoni wa chlorine pa asilikali ku Ypres, m'dziko la Belgium, mu 1915. Alfred Nobel anapanga dynamite mu 1867 kuti anthu aziphwanyira miyala ya migodi ndi misewu, koma zophulika zinapitanso ku nkhondo. Ana anga a Fomu 4 ndimawauza zimenezi chaka chilichonse, chifukwa kuwaphunzitsa sayansi ngati chinthu chimene sichinapwetekepo munthu ndi kuwanamiza.

Pamene Tsukasa anagwera ndi pa funso lakuti: wosankha ndani? Kuti dziko lake liyere, panafunika munthu mmodzi woyenda pakati pa ziboliboli n'kumaloza kuti uyu adzuke, uyu aphwanyidwe. Munthuyo anali iye mwini. Amene ankadana ndi bambo wonena kuti gombe ndi langa anafika ponena kuti phanga la asidi ndi langa, moyo wa aliyense uli m'manja mwanga. Ndiponso chiboliboli sichiyankha. Sankadziwa ngati akuphwanya wakuba malo kapena namwino amene anasamalira mlongo wake usiku. Ankangoona makwinya pa nkhope. Ngakhale kwa Senku, amene ankamulemekeza ndi mtima wonse, anachita chimodzimodzi: anamupempha alonjeze kuti asiya sayansi mpaka kalekale, Senku atakana anamuthyola khosi. Senku anapulumuka chifukwa cha kachidutswa ka mwala kamene kanatsalira pakhosipo, anzake atakathira madzi aja.

Nkhaniyi imamuyankha Tsukasa kudzera mwa munthu wa mbali yake yomwe, Hyoga, katswiri wa mkondo. Hyoga anagwirizana ndi mfundo yosankha anthu, koma muyezo wake unali wina: adzuke aluso okha, opanda pake atsale miyala. Nkhondo ya pakati pa gulu la Senku ndi la Tsukasa itatha anthu atagwirizana, Hyoga analozetsa mkondo kwa mlongo wa Tsukasa, podziwa kuti Tsukasa adzatchinga ndi chifuwa chake. Zinaterodi. Nditafunsa ana a m'kalabu kuti kusiyana kwa Tsukasa ndi Hyoga n'kotani, kunali zii kwa kanthawi. Kenako mtsikana wina wa Fomu 3, amene tsiku lonse ankaikira kumbuyo Tsukasa, anati: "Sala, ndiye kuti ukangotsegula chitseko choti ena asankhidwe, sungaletse wina kubwera ndi mndandanda wake." Sindinawonjezerepo kanthu tsiku limenelo. Mufunseni mwana wanu ngati anafika pa chigawo chimenechi. Ana ambiri amene amati Tsukasa ankanena zoona amakhala akadali pakati pa nkhani.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri m'chigawo cha Stone Wars si anthu awiri akuluakuluwo ayi, koma mmene anthu owazungulira amasinthira. Senku mwini sasintha kwenikweni, zimene ankafuna pa tsiku loyamba ndi zomwe akufuna pomaliza. Osintha ndi ena. Gen Asagiri, katswiri wowerenga maganizo a anthu, anatumidwa ndi Tsukasa kukatsimikiza kuti Senku anafadi. Ankadzitcha munthu wongotsata kumene kuli phindu. Ataona babu loyamba likuyaka m'mudzi wa Ishigami, mudzi wa anthu amoyo umene Senku anaupeza, anabwerera n'kukanama kuti Senku anafa, malipiro ake botolo limodzi la chakumwa cha kola. Ukyo, amene kale ankagwira ntchito yomvetsera phokoso m'sitima yoyenda pansi pa nyanja, anali mbali ya Tsukasa koma mtima unkamupweteka poona ziboliboli zikuphwanyidwa. Analola kuthandiza Senku atapereka lamulo limodzi, lakuti pasafe munthu ngakhale mmodzi, ndipo lamulo limeneli linasintha mmene nkhondo yonse inamenyedwera. Nikki, mtsikana wa mbali ya Tsukasa amene gulu la Senku linkafuna kumukopa, anazindikira kuti mawu a woimba Lillian Weinberg amene ankamveka pa foni anali a Gen akungoyerekeza. Senku sanapitirize bodzalo, anavomera kuti woimbayo anamwalira kalekale, n'kumumvetsera nyimbo yake yeniyeni imene inatsala pa mbale yagalasi. Chimene chinamukopa Nikki ndi choonadicho.

Ndiye pali Chrome, amene ndikukhulupirira kuti mwana wanu amafanana naye kuposa Tsukasa. Chrome anabadwira m'mudzi wa Ishigami uja, wa anthu pafupifupi 40 osadziwa kulemba. Kuyambira ali mwana ankatola miyala ndi zitsamba zamitundumitundu n'kumaziyesa, akudzitcha wamatsenga, zonsezo pofuna kuchiritsa Ruri, mtsikana wa m'mudzimo amene ankadwala chibayo. Senku atamufotokozera zimene anthu akale anafikapo, ndege, mankhwala, ulendo wa kumwezi, Chrome analira, osati chifukwa cha manyazi koma chifukwa chakuti zonsezo zinatayika. Mu Stone Wars anagwidwa, anamulendewetsa pamwamba pa mathithi kuti apereke anzake, anakana. Anathawa m'ndende ya nsungwi ndi nzeru zake, pogwiritsa ntchito batire ndi mchere wa m'thukuta, Senku palibe. Ndikamuona Chrome ndimakumbuka William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene atasiya sukulu chifukwa cha fizi anapanga makina amphepo opangira magetsi ndi zitsulo za njinga ndi mitengo ya bulugama ali ndi zaka 14. Yuzuriha, mtsikana mnzawo wa Senku ndi Taiju, naye musamuiwale. Pamene anyamata ankakonza zankhondo, iye ankatola mobisa zidutswa za ziboliboli zimene Tsukasa anaphwanya n'kumazilumikiza chimodzichimodzi, kuti anthuwo adzathe kudzuka. Ntchito yake siichita phokoso, koma popanda iyo mtendere wa pamapeto sukanatheka, chifukwa Tsukasa akanakhala wakupha mpaka kalekale.

Kwa bambo a mwanayu ndili ndi uthenga wapadera, ndipo muwawerengere ndime ino. M'nkhani yomweyi muli munthu wamkulu amene amatsutsa mfundo ya Tsukasa popanda kukumana naye. Ndi Byakuya, bambo womulera Senku. Senku ali wamng'ono n'kuyamba kufunsa mafunso osatha, Byakuya anagulitsa galimoto yake kuti amugulire zipangizo za sayansi. Pa tsiku la tsoka lija iye anali mumlengalenga pa International Space Station pamodzi ndi anzake asanu. Atabwerera pansi, podziwa kuti sadzamuonanso mwana wake, anapeka nthano 100 zoti zidzukulu zizisimbirana, momwe anabisamo nzeru zopulumukira ndi uthenga wa kwa Senku. Mudzi wonse wa Ishigami ndi mbewu ya anthu amenewo. Mwana wanu amamudziwa Byakuya, mwina analira naye. Bambo, mwana atanena kuti akuluakulu anawononga dziko sanali kunena inu, ankayesa ngati pakhomo pano maganizo ake angatuluke iye n'kukhalabe mwana wanu. Paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Mukasiya nsima n'kutuluka, kwa iye mwatsimikiza zimene Tsukasa ananena.

Nkhondoyo inatha mosayembekezeka. Gulu la Senku linalanda phanga lija, Senku n'kupanga nitroglycerin, madzi ophulika kwambiri, koma sanaponyere munthu. Anawagwiritsa ntchito kuti Tsukasa aime n'kumvetsera. Kenako anamuuza chimene anachizindikira: munthu akadzuka kuchokera ku mwala, thupi lake limachira. Mlongo wa Tsukasa, Mirai, anagona m'chipatala zaka zambiri ubongo utasiya kugwira ntchito, ndipo ndalama zonse za masewera omenyana zinkapita kumeneko. Anakumba pamene panali chipatalacho, anamupeza, anamudzutsa ali bwinobwino. Sayansi imene Tsukasa ankafuna kuipha ndi imene inamubwezera mlongo wake. Hyoga atamubaya, iye ndi Senku anamenya nkhondo limodzi kwa nthawi yoyamba, ndipo pomaliza Senku anapanga firiji yoti amuumitsiremo mnzakeyo mpaka atapeza njira yomuchiritsira. Amacheza zinthu wamba mpaka Tsukasa kugona. Ndinaonera chigawo chimenechi kawiri, ndipo kachiwiri kanandipweteka kuposa koyamba.

Pali chimodzi chimene sindikhutira nacho, ndipo mwana wanu akachitchula muvomereni. Nkhaniyi siyankha mokwanira funso la Tsukasa lokhudza malo ndi chuma. Anasiya nkhondo chifukwa cha mlongo wake, osati chifukwa chakuti wina anamusonyeza mmene bambo wa pa gombe uja adzaletsedwere akadzadzuka. Senku amangokhulupirira kuti sayansi idzakwanitsa kudyetsa ndi kusamalira onse. Ife amene tikukhala m'dziko limene feteleza alipo koma ambiri sangamugule tikudziwa kuti kupanga chinthu ndi kuchigawa mwachilungamo ndi ntchito ziwiri. Pamenepa mwana wanu ali ndi mfundo, ndipo ndi bwino aipitirize kuiganizira.

Kulanda foni ndi njira yachidule, koma adzakaonera kwa anzake, ndipo mudzataya mwayi wodziwa zimene akuganiza. Kungozisiya nakonso sikuthandiza. Chimene ndaona chikugwira ntchito ndi kukhala naye pansi n'kuonera limodzi zigawo ziwiri kapena zitatu, iye azikufotokozerani. Mufunseni mafunso enieni, osati omutchera msampha. Akanakhala ndi madzi okwanira munthu mmodzi, akanadzutsa ndani? Agogo ake akanakhala mbali iti ya mndandanda wa Tsukasa? Nanga iye mwini akadzafika zaka 40? Ndi chiyani chimene anaona akuluakulu akuchita chimene chinamupweteka? Funso lomalizali mulifunse mofatsa ndipo mudikire yankho, ngakhale litakhudza pakhomo panu. Dziwaninso kuti m'makatuniwa muli kumenyana, magazi pang'ono, ndi atsikana ojambulidwa atavala mosadzilemekeza. Kwa wa zaka 15 n'zoti mungakambirane, koma ang'ono ake a ku pulayimale asaonere okha.

Za chitini chija musanyengerere. Muuzeni lero kuti zoyesa onga, zophulika, asidi wa m'batire ya galimoto, kapena kusakaniza mankhwala otsukira m'nyumba n'zoletsedwa. Mankhwala oyeretsera zovala akakumana ndi asidi amatulutsa chlorine yemwe uja wa ku Ypres, ndipo m'bafa lotseka angathe kukomola munthu. Onga sufuna moto waukulu, kamoto kothetheka pa mwala kapena chitsulo n'kokwanira, ndipo zala ndi maso sizimeranso. Mukumbutseni kuti ngakhale m'nkhanimo onga wa Senku unaphulika mwangozi ku dera lotchedwa Hakone, ndipo makatuniwo amalemba chenjezo loti anthu asayesere zimene aona. Koma poletsa mupatseni china m'manja, chifukwa chidwicho n'chabwino. Aviike chidede m'madzi otentha mpaka afiire, agawe m'matambula atatu. M'modzi afinyiremo ndimu, m'wina athiremo chidulo kapena soda wa therere, wachitatu ausiye. Aone mmene mtundu ukusinthira, alembe m'kope, ayesenso ndi madzi a sopo ndi viniga. Aike chigoba cha dzira mu viniga aone thovu likutuluka: ndi mwala womwe uja wa m'zigoba za nkhono. Kenako apite ndi kopelo kwa aphunzitsi ake a sayansi, ndipo ngati pasukulupo pali kalabu alowe. Mphunzitsi aliyense amene ndimamudziwa amasangalala mwana akabwera ndi kope lotere.

Pali zizindikiro zimene zikaoneka nkhani siikhalanso ya makatuni. Ngati wayamba kutchula anthu enieni, mphunzitsi, mnansi kapena wachibale, kuti ayenera kufa kapena kupwetekedwa. Ngati akubisa mankhwala, machesi ambiri kapena zitsulo zosongoka mutamuletsa kale. Ngati wasiya anzake, sakudya, sakugona, magiredi atsika mwadzidzidzi, akuzunza ziweto kapena ang'ono ake, kapena akunena kuti moyo ulibe phindu. Zikatero musadikire kuti ziona zokha. Kambiranani ndi aphunzitsi ake a kalasi, pitani naye kuchipatala mukapemphe kuonana ndi woona za maganizo, kapena imbani nambala yaulere yothandiza ana ya 116. Ndiponso mwana akamaumirira kwambiri kuti akuluakulu onse ndi oipa, nthawi zina amakhala kuti wamkulu wina anamuchita choipa chimene akuopa kunena. Mufunseni muli awiri, bambo ake ndi mkulu wake palibe, ndipo chimene angakuuzeni muyambe mwachikhulupirira. Akapsa ndi mankhwala pa khungu kapena m'maso, tsukani ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi zosachepera 20, musapake mafuta, dzira kapena mankhwala otsukira mano, ndipo thamangirani naye kuchipatala mutatenga botolo la chimene chamupweteka.

Mukaonera naye, yambirani pa chigawo cha pa gombe chija, kenako mudumphire pamene Mirai akudzuka. Mundilemberenso zimene adzanene za Hyoga.